Temple of the Dog: mafunso ndi mayankho pa gulu lomwe lidasiya chimbale chimodzi chokha

Magulu ambiri oimba amatha chifukwa cha mikangano, ndalama kapena kutopa. Temple of the Dog silidathe choncho. Lidapangidwa mumzinda wa Seattle, m'chigawo cha Washington ku America, chakumapeto kwa 1990, lidajambula nyimbo 10 m'masiku 15, kenako aliyense adabwerera kuntchito yake. Nawa mayankho a mafunso omwe anthu amakonda kufunsa akangoyamba kumvera nyimbo zake.

Kodi Temple of the Dog lidali gulu lotani?

Lidali gulu la anyamata 6 omwe adakumana kuti alire mnzawo, malemu Andrew Wood. Awiri adachokera m'gulu la Soundgarden, awiri m'gulu la malemuyo la Mother Love Bone, ndipo awiri otsalawo adali asadadziwike n'komwe. Nyimbo zawo zimaikidwa m'gulu la alternative rock, makamaka mtundu wa ku Seattle wotchedwa grunge, womwe umaphatikiza magitala olemera a heavy metal ndi ukali wa punk. Komabe mukachimvetsera bwino chimbalechi muona kuti chikuyenda pang'onopang'ono kuposa nyimbo zambiri za grunge. Muli blues wambiri, muli piyano, ndipo chikufanana kwambiri ndi rock ya m'ma 1970.

Andrew Wood adali ndani?

Adabadwa pa 8 Januwale 1966 ndipo adakulira pachilumba cha Bainbridge, tsidya lina la nyanja kuchokera ku Seattle. Ali ndi zaka 14 adayambitsa gulu la Malfunkshun ndi mkulu wake Kevin. Nthawi imeneyo oimba ambiri a mumzindawo ankakwera pansanja atavala zovala za tsiku ndi tsiku, nkhope zili pansi. Wood yekha ankadzipaka utoto woyera kumaso, kuvala zonyezimira, n'kumalankhula ndi anthu ochepa m'kabala ngati akulankhula ndi bwalo lodzaza. Ankasirira Freddie Mercury, Elton John ndi gulu la Kiss, ndipo sankabisa kuti akufuna kutchuka.

Gulu la Green River litatha mu 1987, oimba ake awiri, Stone Gossard ndi Jeff Ament, adagwirizana ndi Wood. Pamodzi ndi Bruce Fairweather pa gitala ndi Greg Gilmore pa ng'oma adapanga Mother Love Bone. Adasaina mgwirizano ndi kampani ya PolyGram, adatulutsa kachimbale kakafupi ka Shine mu 1989, kenako adajambula chimbale chathunthu cha Apple. Chimbalechi chidatuluka pa 19 Julayi 1990, mwini wake wa mawu atagona kale m'manda miyezi inayi.

Chinanso chofunika pankhaniyi n'chakuti Wood adakhalapo nyumba imodzi ndi Chris Cornell, woimba wa Soundgarden. Ankalemba nyimbo aliyense kuchipinda kwake n'kumamveretsana.

Chidachitika n'chiyani mu Malichi 1990?

Wood adali ndi vuto la heroin kwa zaka zingapo, ndipo chakumapeto kwa 1989 adapita kumalo othandiza anthu kusiya mankhwala ozunguza bongo. Pa 16 Malichi 1990 adapezeka ali chikomokere kunyumba kwake atagwiritsanso ntchito mankhwalawo. Adamutengera kuchipatala cha Harborview komwe adakhala pamakina opumira masiku 3. Adamwalira pa 19 Malichi ali ndi zaka 24, kutangotsala pang'ono kuti Apple ituluke.

Imfa yamtunduwu ili ndi njira yake yodziwika. Heroin imafooketsa mbali ya ubongo yomwe imalamula kupuma, choncho munthu amapuma motalikitsa mpaka kusiyiratu. Ubongo ukakhala mphindi 4 mpaka 6 wopanda mpweya umayamba kuwonongeka, ndipo zowonongekazo sizibwerera. Ngozi imakula kwambiri kwa munthu yemwe adasiya kwa miyezi ingapo, chifukwa thupi limakhala litataya chizolowezi: mlingo womwe kale unkangomuledzeretsa tsopano umamuimitsa kupuma. Mankhwala a naloxone amatha kubweza kupumako, koma pokhapokha munthuyo atapezeka msanga.

Ganizo lopanga gululi lidachokera kwa ndani?

Kwa Cornell. Maliro atangotha, Soundgarden idanyamuka kukaimba ku Ulaya, ndipo ali paulendowo, kutali ndi aliyense yemwe ankamudziwa malemuyo, adalemba nyimbo ziwiri: Say Hello 2 Heaven ndi Reach Down. Adaona yekha kuti nyimbozi sizikukwanira mu Soundgarden, gulu la nyimbo zaukali ndi zamdima. Atabwerera adazijambula pakaseti n'kuwapatsa Ament ndi Gossard, ndi cholinga chaching'ono chabe: kutulutsa nyimbo ziwirizo ngati chikumbutso.

Awiriwo adali pamphambano. Gulu lawo lidali litafa limodzi ndi woimba wake, Ament adali atayamba kuimba ndi gulu lina la War Babies, ndipo Gossard ankapeka nyimbo zatsopano ndi mnzake wakale Mike McCready. Atakumana kuti ayeserere, nyimbo zidayamba kuwonjezekera. Cornell adabweretsa zina zomwe adasunga, Gossard ndi Ament adatulutsa zawo zomwe zidalibe mawu, ndipo ganizo la nyimbo ziwiri lidasanduka chimbale.

Padali ganizo lina loti ajambulenso nyimbo zomwe Wood adasiya asadatulutse. Adalisiya msanga poopa kuti abale ndi anzake a malemuyo angaone ngati akudyera pa imfa yake. Apa adaganiza bwino. Chimbalechi chilibe nyimbo ngakhale imodzi ya Wood, ndipo n'chifukwa chake palibe amene angachinene kuti n'cholanda chuma cha masiye.

Ndani ankaimba chiyani?

Chris Cornell ndiye ankatsogolera mawu, ndipo adalemba mawu a nyimbo zonse 10. Adaimbanso banjo mu Wooden Jesus ndi kachitoliro ka pakamwa ka harmonica mu Times of Trouble. Matt Cameron wa Soundgarden adali pa ng'oma, Jeff Ament pa besi, Stone Gossard pa gitala yoyendetsa nyimbo, Mike McCready pa gitala ya solo. Eddie Vedder adaimba mothandizira mu Pushin Forward Back, Your Saviour ndi Four Walled World, ndipo adagawana utsogoleri wa mawu ndi Cornell mu Hunger Strike. Rick Parashar, yemwe ankajambula, adaimba piyano ndi ogani m'nyimbo zina zodekha, monga All Night Thing.

Dzinali lidachokera kuti?

Mawu oti temple of the dog ali m'nyimbo ya Mother Love Bone yotchedwa Man of Golden Words, yomwe Wood adalemba n'kuimba ndi piyano. Choncho dzinalo ndi la malemuyo, ngakhale nyimbo zili m'chimbalemo si zake.

Nanga Eddie Vedder, wa ku San Diego, adapezeka bwanji pankhani ya anthu a ku Seattle?

Adabwera pa nkhani ina. Gossard, Ament ndi McCready ankafuna wotsogolera mawu ndi woimba ng'oma wa gulu lawo latsopano, ndiye adajambula kaseti ya nyimbo zopanda mawu, Cameron akuwathandiza pa ng'oma. Kasetiyo adaipereka kwa Jack Irons, yemwe kale ankaimba ng'oma mu Red Hot Chili Peppers. Irons sadalowe gululo panthawiyo, koma adapatsira kasetiyo mnzake wosewera naye basketball, Vedder, yemwe ankagwira ntchito pamalo omwetsera mafuta a galimoto. Vedder adaika mawu pa nyimbo zitatu, zomwe pambuyo pake zidadziwika kuti Alive, Once ndi Footsteps, n'kuibweza papositi. Mu Okutobala 1990 adakwera ndege kupita ku Seattle.

Atafika adapeza ntchito ziwiri zikuyenda nthawi imodzi ndi anthu omwewo: gulu latsopano lija, lomwe poyamba linkatchedwa Mookie Blaylock, dzina la katswiri wa basketball, lisadakhale Pearl Jam, ndiponso chimbale chokumbukira Wood. Vedder sadamuonepo Wood. Adalowa pamaliro a munthu yemwe sankamudziwa, ngati mlendo wodutsa amene wapeza anthu ali pasiwa n'kukhala nawo pansi.

Hunger Strike idakhala bwanji nyimbo ya anthu awiri?

Cornell adali ndi nyimbo 9 ndipo ankafuna 10. Hunger Strike idali yosamalizidwa: ndime imodzi yokha ndi kolasi. Pa kolasi pamafunika mawu awiri, ena apansi ena apamwamba kwambiri, oyankhizana mothamanga, ndipo poyeserera Cornell ankavutika kudumpha pakati pa awiriwo. Vedder, yemwe ankadikira nthawi yoyeserera ndi gulu lake, adayandikira maikolofoni n'kuimba mbali yapansiyo.

Cornell atamva mawuwo adapeza yankho la vuto la ndime. M'malo molemba ndime yachiwiri, adaimba yekha ndime yoyamba, kenako Vedder adaibwereza yonse mawu omwewo, ng'oma ndi besi zitalowa. Ndicho chifukwa chake nyimboyi ili ndi mawu ochepa koma simveka yobwerezabwereza: khutu limamva munthu wina, osati ndime yakale. Cornell ali ndi mawu okwera ndi akuthwa, Vedder ali ndi mawu a pachifuwa, ndipo kumapeto wina amakwera pamwamba pomwe mnzake wagwira pansi. Aka kadali koyamba kuti mawu a Vedder atsogolere nyimbo pa chimbale chogulitsidwa.

Nyimboyi sikamba za Wood. Imakamba za munthu amene chakudya chikumukanika kukhosi poona kuti iye ali ndi zochuluka pomwe ena alibe kanthu.

Zidatheka bwanji kujambula chimbale chonse m'masiku 15?

Adajambulira ku London Bridge Studio m'miyezi ya Novembala ndi Disembala 1990, ndipo adayendetsa okha ntchitoyo pamodzi ndi Parashar. Situdiyoyi ili ndi chipinda chachikulu momwe ng'oma zimamveka zotakasuka, komanso tebulo losakanizira mawu la Neve la m'ma 1970.

Kajambulidwe ka masiku amenewo kadali ka pa tepi, osati pakompyuta. Poyamba ankajambula maziko: ng'oma, besi ndi gitala yoyendetsa, onse akuimba nthawi imodzi, aliyense atavala mahedifoni. Akapeza ulendo womwe watuluka bwino, ankawonjezera pamwamba pake solo, piyano ndi mawu, chilichonse panjira yakeyake ya tepi. Pomaliza ankasakaniza njira zonsezo kukhala ziwiri, kumanzere ndi kumanja. Chomwe chimadya nthawi m'situdiyo ndi maziko aja, chifukwa woimba ng'oma akathamanga kapena kuchedwa, onse amayambiranso. Apa gululi lidali ndi mwayi: Cameron ndi mmodzi mwa oimba ng'oma okhazikika kwambiri omwe Seattle idatulutsapo, Gossard ndi Ament adali ataimbira limodzi kuyambira m'masiku a Green River, ndipo nyimbo zidali zitayesereredwa asadalowe m'situdiyo.

Chachiwiri n'chakuti padalibe bwana wa kampani woima pakhomo kufunsa nyimbo ya pawailesi. Yerekezani ndi Apple, yomwe idatenga miyezi ndipo mbali ina idakajambulidwa kutali ku Sausalito, California, ndi chiyembekezo chachikulu cha kampani pamapewa pawo. Pa Temple of the Dog palibe amene ankayembekezera phindu, ndiye nyimbo ikatuluka bwino ankaisiya momwemo.

Umboni wake ndi Reach Down, nyimbo ya mphindi zoposa 11, yachiwiri pa chimbale. Kampani yofuna malonda sikadalola nyimbo yotalika choncho pamalo amenewo. Muli solo ya McCready ya mphindi zoposa 4, ndipo malinga ndi zomwe Cornell adafotokoza, mahedifoni a McCready adagwa ali pakati pa solo, n'kupitiriza osamva anzake. Mwa lamulo la situdiyo ulendo wotere umafufutidwa, poti woimba wosamva ng'oma amasochera. Iwo adausunga.

Kodi nyimbo zonse ndi zolira Wood?

Ayi. Zolira mwachindunji ndi ziwiri zoyambirira. Say Hello 2 Heaven ndi kutsanzika, ndipo kumapeto kwake Cornell amakweza mawu mpaka pomwe oimba ambiri aamuna safika. Reach Down imamuonetsa malemuyo m'maloto, atavala zoyera, atakhala pampando m'kabala. Times of Trouble imakamba za jakisoni ndi mankhwala, kulimbikitsa munthu kuti agwiritsitse moyo, choncho nayo ili pafupi ndi nkhaniyo. Zinazo zili ndi mitu yake: Wooden Jesus ndi Your Saviour zimafunsa za chipembedzo chomwe chasanduka malonda, Four Walled World ndi ya munthu wotsekeredwa, Call Me a Dog ndi ya chikondi chomwe chawawa.

Pa kapekedwe, nyimbo 7 adapeka Cornell. Gossard adapeka Times of Trouble ndi Four Walled World, ndipo Pushin Forward Back adapeka ndi Ament. Yomalizayi imasokoneza anthu ofuna kuiimba chifukwa siyenda 4 ngati nyimbo zambiri za rock, imayenda 7. Werengani 1, 2, 3, 4, kenako 1, 2, 3, n'kuyambiranso. Mukawerenga 4 kawiri mumapezeka mwatsalira ndi kugunda kumodzi paulendo uliwonse, ndipo pofika ulendo wachitatu mwasiyana kale ndi ng'oma.

N'chifukwa chiyani Times of Trouble ikufanana ndi Footsteps ya Pearl Jam?

Chifukwa ndi nyimbo imodzi. Gossard adaipeka yopanda mawu, ndipo idali pakaseti ija idapita ku San Diego. Vedder adaikapo mawu ake, Cornell adaikapo ake. Ya Cornell idalowa m'chimbale cha Temple of the Dog, ya Vedder idatuluka mu 1992 ngati nyimbo yowonjezera pa kachimbale ka Jeremy, ili ndi gitala yopanda magetsi. Wofuna kuphunzira momwe woimba amasinthira nyimbo azimvere zonse ziwiri motsatizana: zala za gitala zikuyenda njira yomweyo, koma wina wapezamo chenjezo kwa mnzake, wina wapezamo kuulula kwa munthu wolakwa.

Chimbalechi chidagulitsidwa bwanji chitatuluka?

Chidatuluka pa 16 Epulo 1991 kudzera ku A&M Records, kampani ya Soundgarden. Olemba nkhani za nyimbo adachiyamikira, koma poyamba chidagulitsidwa makope pafupifupi 70,000 okha.

Zifukwa zake n'zoonekeratu. Chimbale cha rock masiku amenewo chinkagulitsidwa ndi zinthu zitatu: wailesi, kanema wa MTV ndi maulendo okaimba m'mizinda. Temple of the Dog idalibe ulendo, poti Soundgarden idali ikukonza chimbale chake ndipo anzawo adali m'situdiyo yomweyo ya London Bridge kujambula chimbale choyamba cha Pearl Jam. Mayina a oimbawo sankagulitsa kanthu kunja kwa okonda rock enieni. Kuwonjezera apo, Pearl Jam idasaina ndi Epic, kampani ina, choncho A&M idalibe chifukwa chothira ndalama zambiri pa ntchito yomwe ambiri mwa oimba ake sadali ake.

Ndiye chidasintha n'chiyani mu 1992?

Mzinda wonse udatchuka. Ten ya Pearl Jam idatuluka pa 27 Ogasiti 1991, Nevermind ya Nirvana pa 24 Seputembala, Badmotorfinger ya Soundgarden mu Okutobala. Mu Januwale 1992 Nevermind idafika pa nambala 1 pa Billboard 200, mndandanda wa zimbale zogulitsidwa kwambiri ku America, ndipo chaka chikupita Ten idakwera mpaka pa nambala 2. Chilimwe cha ku America chaka chimenecho Pearl Jam ndi Soundgarden zidali limodzi paulendo wa Lollapalooza, wa maphwando a magulu ambiri oimba.

Apa ndi pomwe a A&M adazindikira kuti m'nkhokwe mwawo muli chimbale cha magulu awiriwa ali pamodzi. Adachitulutsanso n'kukankha Hunger Strike pawailesi ndi pa MTV. Vidiyo yake, yomwe adatsogolera Paul Rachman, idajambulidwa ku Discovery Park mu Seattle: gombe, udzu wautali momwe Vedder waimamo, ndi moto wa usiku. Nyimboyi idafika pa nambala 4 pa mndandanda wa nyimbo za rock wa Billboard, Say Hello 2 Heaven pa nambala 5, chimbale chenichenicho pa nambala 5 pa Billboard 200. Chidapatsidwa ulemu wa platinum, womwe ku America umatanthauza makope 1,000,000. Palibe chomwe chidasintha m'nyimbomo; omvera ndiwo adafika mochedwa ndi chaka chathunthu.

Kodi n'kolondola kulitcha gulu la akatswiri otchuka omwe adasonkhana?

Anthu amalitcha choncho, koma kumeneko n'kuwerenga mbiri chobwerera m'mbuyo. Mu Novembala 1990 Pearl Jam idali isadatchedwe n'komwe Pearl Jam; idaimba koyamba pagulu pa 22 Okutobala chaka chomwecho m'kabala ka Off Ramp. McCready adali asadatulutsepo chimbale ndi kampani yaikulu, Vedder adali atangochoka pa pampu ya mafuta, ndipo Soundgarden idali gulu lolemekezedwa koma losalemera. Magulu a akatswiri otchuka amapangidwa anthu atatchuka kale, ndipo nthawi zambiri kampani ndi imene imawerengera phindu lisadayambe. Ili lidatsogola, kutchuka kudalipeza pambuyo.

Adaimbako pagulu kangati m'zaka zoyambirira?

Phwando lathunthu lidali limodzi: pa 13 Novembala 1990 ku Off Ramp, chimbale chisadatuluke. Kupatula apo kudali kukumana kwa nyimbo imodzi kapena ziwiri pomwe magulu awiriwa apezeka pansanja imodzi, monga ku Moore Theatre mu Disembala 1990, ku Los Angeles mu Okutobala 1991 ndi pa Lollapalooza mu 1992.

Lidatha chifukwa chiyani?

Silidalengeze kuti latha chifukwa silidalonjeze kuti lipitirira. Ntchito yake idali ngati kumanga chiliza: achibale amasonkha, amamanga, amapemphera, kenako amabalalika. Palibe amene amafunsa chifukwa chomwe sadamange chachiwiri.

Palinso zifukwa za ntchito. Kuyambira 1991 magulu onse awiri adali paulendo miyezi yambiri pachaka, aliyense ndi mgwirizano wake, kampani yake ndi zimbale zoyenera kupereka. Chimbale chachiwiri chikadafuna kuti makampani awiri opikisana agwirizane za ndalama, ndipo chikadasowa chomwe chidabala choyambacho. Ubale wokha sudathe. Soundgarden itatha mu 1997, Cameron adalowa Pearl Jam mu 1998 m'malo mwa Jack Irons, yemwe adali atalowa gululo mu 1994. Kuyambira pamenepo Pearl Jam idali ndi anthu 5 mwa 6 a Temple of the Dog, kotero Cornell akangokwera pansanja gulu lija linkakhala lakwana. Zidachitikadi ku Santa Barbara mu 2003, ku Los Angeles mu 2009, ndi ku Alpine Valley, Wisconsin, mu Seputembala 2011 pokondwerera zaka 20 za Pearl Jam.

Nanga mlandu wa matepi udali wotani?

Rick Parashar adamwalira mu Ogasiti 2014. Mu 2015 A&M idasumira Raj Parashar, m'bale wa Rick komanso mmodzi mwa omwe adayambitsa situdiyo ija ya London Bridge, ikufuna matepi oyambirira a chimbalechi omwe adali m'manja mwake. Cornell adaima kumbali ya kampani. Nkhaniyo idatha mu 2016 matepiwo atabwezedwa.

Wina angadabwe kuti kulimbirana tepi yakale n'kwa chiyani pomwe nyimbo zili kale pa CD ndi pa intaneti. Yankho lili m'mapangidwe ake. CD ili ndi nyimbo yosakaniza kale, ngati ufa womwe walowa m'madzi: simungachotsemo ng'oma kapena kukweza besi yokha. Tepi ya m'situdiyo, yotambalala mainchesi 2, imasunga njira zokwana 24, chida chilichonse pachokha, pamodzi ndi maulendo ena omwe sadasankhidwe. Popanda tepi imeneyo simungasakanizenso chimbale. Matepi oterewa amawonongekanso akakhalitsa: guluu wogwira utoto wa maginito amayamwa chinyezi, tepi imamata, ndipo mukaiyendetsa choncho utotowo umakanukira pamakina, mawu n'kutayika mpaka kale. Akatswiri amayamba aiumitsa kwa maola angapo m'chotenthetsera cha madigiri pafupifupi 50 mpaka 55, kenako n'kuikopera pakompyuta mwachangu isadayambenso kumata.

Ndimvere chiti, cha 1991 kapena cha 2016?

Yambani ndi cha 1991. Ndicho chomwe oimbawo adamva m'situdiyo n'kuvomereza, ndipo kamvekedwe ka chipinda chija ndi mbali ya nkhani yake. Cha pa 30 Seputembala 2016, chokumbukira zaka 25, adachisakanizanso Brendan O'Brien, yemwe wagwira ntchito ndi magulu onse awiri. Zida zimamveka zoyandikira ndi zosiyanitsika bwino, zomwe zimathandiza wofuna kutsatira besi ya Ament kapena kusiyanitsa magitala awiriwo. Phindu lake lalikulu ndi zowonjezera: zojambula zoyeserera za Cornell, kuphatikizapo Angel of Fire ndi Black Cat zomwe sizidalowe m'chimbale, ndipo bokosi lalikulu lili ndi vidiyo ya phwando la ku Off Ramp.

Chimbale chonse ndi mphindi pafupifupi 55. Chimvereni mwa dongosolo lake, osadumpha Reach Down. Ambiri amayamba ndi Hunger Strike n'kuimira pomwepo, koma mtima wa chimbalechi uli m'mphindi 17 zoyambirira. Mukatha pamenepo pitani ku Apple kuti mumve mawu a munthu yemwe akumulirayo, makamaka Crown of Thorns. Nyimbo ya Would? ya Alice in Chains, yomwe Jerry Cantrell adalemba, nayo ndi yokumbukira Wood yemweyo.

Ulendo wa 2016 udayenda bwanji?

Udali ulendo woyamba ndi womaliza wa gululi, zaka 26 chipangidwireni. Adachita maphwando 8 m'mizinda 5 m'mwezi wa Novembala: awiri ku Tower Theater kufupi ndi Philadelphia, limodzi ku Madison Square Garden mu New York, awiri ku San Francisco, limodzi ku Forum ya ku Inglewood m'dera la Los Angeles, ndi awiri omaliza kwawo ku Paramount Theatre mu Seattle pa 20 ndi 21 Novembala. Vedder sadapite nawo.

Nyimbo 10 sizingadzaze usiku wonse, ndiye adawonjezera za Led Zeppelin, Black Sabbath ndi David Bowie, komanso, chofunika kuposa zonse, za Mother Love Bone. Zomwe adazipewa mu 1990 poopa kuoneka odyera pa imfa adazichita tsopano, nthawi itapita yokwanira: Cornell adaimba mawu a Wood, Gossard ndi Ament ali kumbuyo kwake, m'mabwalo aakulu omwe malemuyo ankalota.

Kodi lingadzabwerenso?

Chris Cornell adamwalira pa 18 Meyi 2017 ku Detroit ali ndi zaka 52, patangopita maola ochepa Soundgarden itaimba ku Fox Theatre. Ofufuza za imfa adapeza kuti adadzipha. Padali patapita miyezi 6 chithere ulendo uja.

Pa 16 Januwale 2019, paphwando lomukumbukira ku Forum, anzake a Temple of the Dog adaimba nyimbo zija ndi alendo: Miley Cyrus adatenga Say Hello 2 Heaven, Miguel adatenga Reach Down, Brandi Carlile ndi Chris Stapleton adagawana Hunger Strike. Nyimbo ziwiri zomwe Cornell adalembera mnzake paulendo wa ku Ulaya zidaimbidwa usiku umenewo polira iye mwini. Ulendo womaliza womwe Cornell ndi Vedder adaimbira limodzi Hunger Strike udali pa 26 Okutobala 2014, paphwando la Bridge School Benefit ku Mountain View, California.